Wathu akalakwa akuti "akumunamizira", wa anzathu akalakwa akuti "atule pansi": tiphunzirepo pa za ku Alabama

Amene munakagulitsako chimanga kapena soya kwa mavenda mukuidziwa nkhani ya masikelo awiri. Ilipo sikelo yogulira, iliponso sikelo yogulitsira. Thumba ndi lomwelo, koma makilo amasintha malinga ndi amene akupindula. Pa ndale masikelo amenewa ndi ambiri kuposa pamsika, ndipo amene amawanyamula kwambiri masiku ano si andale okha ayi. Ndi ifeyo, a pa Facebook, a m'magulu a WhatsApp ndi olemba pa masamba ngati lino.

Lero tichokeko kaye pa za misewu ndi zinyalala za m'tauni muno, tikaone kampeni ina imene inachitika ku America m'chaka cha 2017. Taisankha chifukwa papita nthawi, fumbi linakhazikika, ndipo zimene aliyense anayankhula zinalembedwa. Komanso palibe wa ife amene ali ndi chipani kumeneko, ndiye titha kuyang'ana popanda kutentha mtima.

Poyamba, Senate n'chiyani?

Nyumba ya malamulo ya ku America ili pawiri. Ina imatchedwa House of Representatives, inayo ndiye Senate. Dzikoli lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse, kaya chachikulu kaya chaching'ono, chimatumiza masenata awiri. Onse pamodzi alipo 100. California ili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, Wyoming anthu ake safika ngakhale 600,000, koma zonse zili ndi masenata awiriawiri. Senata amakhala pampando zaka 6.

Mphamvu ya Senate ndi yaikulu. Pulezidenti akasankha nduna, kazembe kapena jaji wa khoti lalikulu, munthuyo sayamba ntchito mpaka Senate itavomereza. Majaji a Supreme Court kumeneko alibe zaka zopumira, amagwira ntchito mpaka atafuna okha kusiya kapena atamwalira. Ndiye chipani chimene chili ndi masenata ambiri chimatha kusankha anthu amene adzakhale akugamula milandu zaka 30 zikubwerazo. Mpando umodzi wokha utha kusintha zonsezi. M'chaka cha 2017 a Republican anali ndi mipando 52, a Democrat ndi ogwirizana nawo anali ndi 48. Musaiwale manambala amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Mpando wa ku Alabama

Pulezidenti Donald Trump atasankha senata wa ku Alabama, a Jeff Sessions, kukhala mkulu wa zamalamulo m'boma lawo, mpando unatsala wopanda mwini. Chisankho chapadera anachiika pa 12 Disembala 2017. Alabama ndi kuchimake kwa a Republican. Wa Democrat anali atapambanako mpando wa Senate kumeneko komaliza mu 1992, ndipo munthuyo, a Richard Shelby, patangotha zaka ziwiri analowa Republican.

Amene anaimira Republican anali a Roy Moore, munthu wodziwika kale ndi mikangano. Anakhalapo jaji wamkulu wa chigawochi kawiri, ndipo kawiri konse sanamalize bwino. Mu 2003 anawachotsa chifukwa chokana lamulo la khoti loti achotse chimwala cholemera matani oposa awiri, cholembedwa Malamulo Khumi, chimene anaika m'nyumba ya khoti. Mu 2016 anawaimitsa ntchito pa nkhani ya maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kwa Akhristu ambiri a kumeneko, a Moore anali ngwazi yoimirira pa chikhulupiriro.

Wa Democrat anali a Doug Jones, loya amene anatsogolera kuzenga mlandu amuna awiri a gulu la Ku Klux Klan omwe anaphulitsa tchalitchi cha anthu akuda ku Birmingham mu 1963 n'kupha atsikana anayi. Amunawa anapezeka olakwa mu 2001 ndi 2002. Ngakhale anali ndi mbiri imeneyi, ambiri ankaona ngati a Jones akungoperekeza.

Ndiye pa 9 Novembala nyuzipepala ya Washington Post inatulutsa nkhani. Mayi wina anafotokoza kuti mu 1979, iye ali ndi zaka 14, a Moore, omwe panthawiyo anali ndi zaka 32 ndipo ankagwira ntchito yozenga milandu m'boma la Etowah, anamutengera kunyumba kwawo n'kumugwiragwira. Amayi enanso ananena kuti a Moore ankawafunsira iwo ali atsikana a zaka za pakati pa 16 ndi 18. M'masiku otsatira panabweranso ena. A Moore anakana zogwiririra aliyense, n'kunena kuti zonsezi ndi ndale. Tinene pano kuti sanazengedwepo mlandu wa upandu pa nkhanizi.

Patangotha sabata, mpira unagwera mbali inayo

Pa 16 Novembala, muulutsi wina wa pa wailesi ku Los Angeles, a Leeann Tweeden, ananena kuti senata wa Democrat wa ku Minnesota, a Al Franken, anawapsompsona mokakamiza mu 2006 pa ulendo wokasangalatsa asilikali. Nthawi imeneyo a Franken anali asanalowe mu Senate, anali wa zisudzo zoseketsa. Panatulukanso chithunzi: mayiyo ali mtulo m'ndege, a Franken akusekerera, manja atalunjika pachifuwa pake. Kenako amayi ena anabwera ndi madandaulo oti anawagwira mosayenera, ambiri pojambulitsa zithunzi. Onse anakwana 8.

Apa ndiye masikelo anatuluka poyera. Milandu iwiri, zipani ziwiri, mwezi umodzi.

A Trump, omwe anali asanadzudzule a Moore, tsiku lomwelo anathamangira pa Twitter kukanyoza a Franken. Atolankhani atafunsa kuti kusiyana kwake n'kotani, mneneri wa ku White House anati a Franken avomera kulakwa pomwe a Trump sanavomerepo zimene amayi ena anawanenera. Tamvani bwino mfundo imeneyi: wopepesa ndiye wolakwa, wokana ndiye woyera. Pa 4 Disembala a Trump analengeza poyera kuti akuthandiza a Moore, ndipo likulu la chipani, limene linali litasiya kupereka ndalama, linayambiranso.

Bwanamkubwa wa Alabama, mayi Kay Ivey, anayankhula mosabisa kuposa onse. Anati alibe chifukwa chokayikira amayiwo, komabe avotera a Moore chifukwa chipani chikufunika voti imeneyo mu Senate, makamaka posankha majaji. Mkulu wina wa boma la chigawochi, a Jim Zeigler, anafika poyerekeza nkhaniyi ndi ya Yosefe ndi Mariya, ati nawonso anasiyana zaka. Abusa ndi Akhristu ena anakhumudwa nazo kwambiri.

Koma si a Republican onse amene ananyamula sikelo imeneyi. Mtsogoleri wawo mu Senate, a Mitch McConnell, poyamba anati akuwakhulupirira amayiwo ndipo a Moore achoke pa mpikisano, ngakhale pambuyo pake anafewetsa mawu n'kumati asankhe okha anthu a ku Alabama. A Shelby aja sanasinthe. Kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, anabwereza pa kanema kuti iwo sanavotere a Moore.

Nanga a Democrat anali oyera?

Mukangoyang'ana pamwamba, inde. Pa 6 Disembala masenata a Democrat oposa 30, motsogozedwa ndi mayi Kirsten Gillibrand, anauza a Franken kuti atule pansi udindo. M'mawa mwake a Franken analengeza kuti achoka, uku akudandaula kuti iwo akupita pomwe a Trump ali ku White House ndipo a Moore akuchita kampeni ndi dalitso la chipani chawo.

Koma funsani funso limene olemba a mbali ya Republican ankafunsa nthawi imeneyo: a Franken akachoka, alowe m'malo ndani? Ku Minnesota, senata akachoka pakati pa nthawi, bwanamkubwa ndiye amasankha wogwirizira. Bwanamkubwa wake anali wa Democrat, a Mark Dayton, ndipo anasankha wa Democrat mnzawo, mayi Tina Smith. Chipani sichinataye kanthu. Chinapezanso mwayi woloza chala a Moore ndi manja osamba, kutatsala masiku ochepa kuti Alabama ivote.

Tsopano yerekezani ndi New Jersey. Pa tsiku lomwe lija la 16 Novembala, mlandu wa ziphuphu wa senata wa Democrat, a Bob Menendez, unathera m'malere chifukwa oweruza a jury analephera kugwirizana. Ankawaganizira kuti ankalandira mphatso kwa dokotala wina wolemera wa ku Florida n'kumamuthandiza pa nkhani zake ndi boma. Nthawi yonse ya mlanduwu bwanamkubwa wa New Jersey anali wa Republican, a Chris Christie. A Menendez akanachoka, mpando ukanapita kwa adani. Simunamve chikhamu cha masenata a Democrat chikufuula kuti atule pansi. Komiti yoona za khalidwe mu Senate inawadzudzula mwamphamvu mu 2018, koma chipani chinawathandizabe ndipo chaka chomwecho anapambananso.

Mu 2023 a Menendez omwewo anatsegulidwira mlandu wina, ofufuza atapeza m'nyumba mwawo mipiringidzo ya golide ndi ndalama zoposa madola 480,000, zina zitabisidwa m'majekete. Ulendo uno masenata ambiri a Democrat anati achoke. Umboni unali wolemera kuposa poyamba, zimenezo n'zoona. Komanso bwanamkubwa tsopano anali wa Democrat. Anapezeka olakwa mu 2024 ndipo mu Januwale 2025 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 11.

Palinso nkhani yakale ya a Bill Clinton, amene a Democrat anawateteza ndi mphamvu zonse m'zaka za m'ma 1990 pomwe a Republican ankalalikira kuti khalidwe la mtsogoleri ndilo chinthu choyamba. Pofika 2017 magulu awiriwa anali atangosinthana mipando, ulaliki womwewo. Paja anyani sasekana zikundu.

Kodi ndiye kuti milandu yonseyi ndi yofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri timaterereka. Kuneneredwa kuti unagwiragwira mwana wa zaka 14 si chimodzimodzi ndi kuneneredwa kuti unagwira mosayenera munthu wamkulu pojambulitsa. Zonse n'zoipa, koma kulemera kwake n'kosiyana, ndipo wolandira ziphuphu ndi nkhani inanso. Kugwiritsa sikelo imodzi sikutanthauza kuti katundu yense alemere mofanana. Kumatanthauza kuti mafunso akhale omwewo: umboni ndi wotani, wanena ndani, alipo ena otsimikiza, woneneredwayo wayankha chiyani, nanga chilango choyenera n'chotani. Mayankho atha kusiyana. Chimene sichiyenera kusintha ndi mafunsowo.

N'chifukwa chake mu 2019 masenata angapo a Democrat anauza magazini ya New Yorker kuti akunong'oneza bondo pa momwe anathamangitsira a Franken komiti isanamalize kufufuza. Sikelo yokhota siiteteza wathu yekha. Nthawi zina imamuphwanya wathuyo chifukwa chipani chikufuna kuoneka bwino sabata imeneyo.

Zimene olemba pa intaneti anachita

Gawo ili ndiye lathu lenileni, anzanga a foni m'manja.

Ku America chigawo chilichonse chili ndi masamba akeake a ndale, ena a mbali iyi, ena a mbali inayo, kuphatikiza masamba akuluakulu amene amakhamukira kumene kwatentha. Kampeni ya ku Alabama inaonetsa mitundu yonse ya olemba.

Nkhani ya Washington Post itangotuluka, akaunti ina ya pa Twitter inalemba kuti mtolankhani wa nyuzipepalayi ankalonjeza amayi madola 1,000 kuti anamizire a Moore. Umboni panalibe. Masamba ena ngati Gateway Pundit anainyamula nkhaniyo, inazungulira dziko lonse, kenako akauntiyo inazimiririka. Anthu enanso ku Alabama analandira mafoni a mawu ojambuliratu a munthu wodzitcha mtolankhani wa Washington Post wofuna kugula nkhani zoipitsa a Moore. Munthu wa dzina limenelo kunyuzipepalako kunalibe.

Gulu lina lotchedwa Project Veritas linatuma mayi kuti akanamize atolankhani a Washington Post kuti a Moore anamupatsa mimba ali mtsikana. Cholinga chinali choti nyuzipepalayo isindikize bodzalo, iwo adzati mwaona, awa amalemba chilichonse. Atolankhaniwo anafufuza, anaona kuti nkhani ya mayiyo siikulumikizana, anamutsatira mpaka anamuona akulowa mu ofesi ya gululo. Msampha unakola mwini.

Tsamba la Breitbart linatumiza atolankhani ake ku Alabama kukafufuza zofooka m'nkhani za amayiwo. Chisankho chitadutsa, mkonzi wake wamkulu, a Alex Marlow, anavomera poyankhula ndi CNN kuti iwo ankaona kuti nkhani ya mayi woyamba uja inali yomveka, koma tsamba lawo linkalemba moganizira kuteteza a Trump. Owerenga awo anazimva zimenezi atavota kale.

Musafulumire kuwomba m'manja, a mbali inayo. Mu Disembala 2018 nyuzipepala ya New York Times inaulula za Project Birmingham. Akatswiri ena a pa intaneti okonda Democrat anatsegula tsamba la Facebook lonamizira kuti ndi la anthu a Republican a ku Alabama, n'kumalimbikitsa anthu kuti asavotere a Moore koma alembe dzina la munthu wina. Ntchitoyi inadya madola pafupifupi 100,000, ochokera ku thumba limene anathiramo ndalama a Reid Hoffman, mmodzi mwa oyambitsa LinkedIn. Panalinso tsamba lina lotchedwa Dry Alabama, lonamizira kuti ndi la otsatira a Moore ofuna kuletsa mowa m'chigawo chonse, cholinga chake kuopseza a Republican okonda kachakumwa ndi ochita bizinesi. Izi zinkachitika nthawi yomwe a Democrat ankalira usana ndi usiku kuti anthu a ku Russia anagwiritsa ntchito masamba abodza pa chisankho cha 2016. A Hoffman anapepesa ponena kuti sankadziwa. A Jones anati nawonso sankadziwa, ndipo anapempha okha kuti nkhaniyo ifufuzidwe.

Ngakhale zotsatsa za pa kanema sizinali zoyera. Mu 2022 jury ina inagamula kuti gulu la Senate Majority PAC, lothandiza Democrat, lilipire a Moore madola 8.2 miliyoni chifukwa cha uthenga wa kampeni umene unalumikiza mawu ochokera m'nkhani zosiyana mwanjira yowaipitsa. Chaka chomwecho jury inanso, pa mlandu wa pakati pa a Moore ndi mayi woyamba uja, inapeza kuti palibe amene anaipitsa mbiri ya mnzake.

Zinatha bwanji?

A Jones anapambana ndi mavoti pafupifupi 22,000 okha pa mavoti oposa 1.3 miliyoni. Anthu akuda anatuluka mwaunyinji, ndipo kafukufuku wa pa tsiku lovota anaonetsa kuti 96 mwa 100 aliwonse anavotera a Jones. Koma taonani ichi. Ku Alabama munthu amaloledwa kulemba dzina la wina amene palibe pa pepala lovotera. Amene anachita zimenezi anali ochulukirapo pang'ono kuposa kusiyana kwa a Jones ndi a Moore. Ambiri akuganiziridwa kuti anali a Republican amene sakanatha kuvotera wa Democrat, komanso mtima unawakanira kuvotera a Moore. Sanasinthe chipani. Anangokana munthu mmodzi.

Patatha zaka zitatu, a Republican anaimika munthu wina, a Tommy Tuberville, ndipo anawagonjetsa a Jones ndi mavoti pafupifupi 60 pa 100. Mpando unabwerera kwawo. Choncho mtengo wa kukana munthu wokayikitsa unali zaka zitatu, osati kutha kwa dziko kumene olemba a chipani ankaopseza nako.

Zikutikhudza pati?

Ife tilibe Senate. Inalimo m'malamulo aakulu a dziko lino a 1994, koma aphungu anaichotsamo mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Koma masikelo awiri tili nawo, sitichita kuitanitsa kunja. Kumbukirani gawo 65, lija loti phungu akachoka m'chipani chimene anapambanira n'kulowa china, mpando wake ulengezedwe kuti ulibe munthu. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira kumeneko, ndipo DPP inalimbana ndi gawoli mpaka chisankho cha 2009. Mu 2012 a Bingu atamwalira, aphungu anakhamukira ku PP, ndipo amene anayamba kupempha sipikala kuti agwiritse ntchito gawo 65 anali a DPP omwewo. Amene kale ankalifuula ena anali atakhala chete. Chala sichiloza mwini.

Ndiye musanadine kuti mutumize nkhani ya ndale ku gulu, kaya ndi ya phungu, ya khansala kapena ya wapampando wa msika, yesani izi.

Sinthani dzina. Chotsani dzina la munthuyo, muikepo la wa chipani chinacho, muwerengenso. Ngati mkwiyo wanu wasanduka chisoni, kapena chisoni chasanduka chimwemwe, sikelo yanu ili ndi vuto.

Funsani kuti akachoka alowa ndani. Chipani chikamathamangitsa munthu wake pomwe sichitaya kanthu, musachitame msanga. Muyeso weniweni ndi tsiku limene chilungamo chikuwadyera mpando.

Yang'anani zimene tsambalo linalemba kale. Bwererani m'mbuyo miyezi ingapo. Kodi wolembayo anayamba wadzudzulapo wa mbali yake? Ngati sanatero n'kamodzi komwe, ameneyo si mtolankhani, ndi wa kampeni, ngakhale asavale nsalu ya chipani.

Samalani ndi mawu oti "nanga uja bwanji?" Nthawi zina ndi funso labwino, limavumbula chinyengo. Koma onani kumene likuthera. Ngati likuthera poti onse awiri afufuzidwe, lili bwino. Ngati likuthera poti onse awiri asiyidwe, mwapusitsidwa, ndipo wodandaula uja watsala yekha.

Pomaliza, nkhani ikakoma kwambiri, ikamugwetsa ndendende munthu amene mumadana naye kale, dikirani kaye. Ya madola 1,000 ija inakoma. Ya Dry Alabama inakomanso. Onse amene anazifalitsa ankadziona ngati akumenyera choonadi.

Ifenso pa tsamba lino sitili kunja kwa muyeso umenewu. Mukaona talemba mofewa za wina pomwe tinakalipa pa mlandu womwewo kwa mnzake, tikumbutseni m'munsimu, muike ndi tsiku limene tinalemba.